Alimi akuithawa pulogalamu yanga ya pafoni

FUNSO: Ndinaphunzira za kompyuta, ndipo ndinakonza pulogalamu ya pafoni yoti alimi ang'onoang'ono a tiyi kwathu kuno azilembamo makilogalamu a masamba amene apereka pa sikelo. Masamu ake salakwika, koma ambiri anangoiyesa kamodzi n'kubwerera ku makope awo. Kodi ndiwaphunzitse bwanji? — Wowerenga wa ku Limbuli, Mulanje.

YANKHO: Achimwene, anthu ambiri akamakanika pamalo amodzimodzi, chofunika kukonza ndi pulogalamuyo, ndipo maphunziro angathandize pang'ono chabe. Pezani alimi asanu, aliyense payekha, mumupatse foni ndi kumupempha kuti alembe masamba a tsikulo, kenako inu mukhale chete n'kumaona pamene chala chake chikuima. Kukhala cheteko n'kovuta, chifukwa mwini ntchito amafulumira kulozera batani. Musawafunse ngati aikonda, pakuti mwa ulemu wa kwathu adzangoti ili bwino. Katswiri wina woona za kuphweka kwa mapulogalamu a kompyuta, Jakob Nielsen, analemba mu 2000 kuti kuyesa ndi anthu asanu kumaonetsa pafupifupi 85 peresenti ya zovuta zoterezi, bola muzikonza ndi kuyesanso.

Muyesereni pa sikelo pomwepo, osati pakhonde panu. Mayi amene wathyola tiyi kuyambira m'mamawa amafika manja ali onyowa, dzuwa likuwala pagalasi la foni, anzake akudikira pamzere kumbuyo kwake, ndiye zilembo zing'onozing'ono ndi mafunso ambirimbiri sangazipirire. Chinthu chimene amachita tsiku lililonse chikhale poyambirira, m'mawu amene alimi amalankhula okha, kaya ndi Chichewa kapena Chilomwe.

Mfundo ziwiri mwa 10 za kakonzedwe ka mapulogalamu osavuta kugwiritsa ntchito zimene Nielsen yemweyo anafalitsa mu 1994 zikukhudzani kwambiri. Pulogalamu iziuza munthu zimene zachitika, mwachitsanzo "Mwalemba makilogalamu 18 lero", ndiponso izimupatsa njira yobwerera akalakwitsa. Izi ndi ndalama za munthu, ndipo amene akuopa kuti akadina molakwika malipiro ake asokonekera adzakhulupirira kope lake, lomwe amatha kufufuta ndi kulembanso.

Onaninso mafoni amene ali nawo. Ngati ambiri ndi a mabatani, ganizirani za USSD, njira yodina manambala oyamba ndi chizindikiro cha nyenyezi (*) imene anaizolowera potumiza ndalama. Siifuna intaneti, koma uthenga umodzi sungapitirire zilembo 182 ndipo imaduka munthu akachedwa kuyankha, choncho masitepe akhale ochepa.