Ankolo, andilemba kuti ndikayankhule za Git Loweruka, ndinamizire maliro?

Zikomo Ankolo,
Ndine mnyamata wa zaka 24, ndimapanga timawebusaiti ta anthu a mabizinesi ang'onoang'ono. Tili ndi kagulu kathu ka okonda zamakompyuta, timakumana Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, tikachuluka timafika 25. Mwezi wathawu pakamwa panandiyabwa ndinanena kuti ine Git, pulogalamu ija yosunga mbiri ya zimene wasintha m'mafayilo ako, ndimaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, basi pompo anandilemba kuti mwezi uno woyankhula ndine, mphindi 30. Ndapanga kale masilaidi 52 koma ndikamawayang'ana ndikuona ngati palibe chimene ndanena, komanso mugulumo muli akuluakulu a madigiri awo ena amagwira kumabanki, ine changa ndi kasatifiketi basi zina zonse ndinaphunzira pa YouTube. Tulo sindikugona. Ndingonamizira maliro kumudzi?
Wamantha, Blantyre

Mphwanga,
Maliro usawaitane, amabwera okha. Loweruka ukupita ndipo ukayankhula.

Tiyambe ndi masamu. Mphindi 30 ndi masekondi 1,800, ukagawa ndi 52 silaidi iliyonse ikupeza masekondi osakwana 35, ndiye kuti usapume, usameze malovu, munthu asakufunse kanthu. Ndipo zili m'masilaidi akowo ndikuzidziwa ndisanawaone: tanthauzo la Git, mbiri ya Git, ubwino khumi wa Git, kenako branch, merge, rebase, stash, zonse zimene unamvapo waziunjika pamodzi poopa kuti wina angati mwanayu zakutizakuti sakuzidziwa. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Anthu akatuluka mmenemo akuwodzera ndipo Lolemba palibe ndi mmodzi yemwe akatsegule Git.

Mbiriyo ndi ya mpweya umodzi. Linus Torvalds, yemwe uja anayambitsa Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows) mu 1991, analemba Git mu 2005 chifukwa anzake opanga Linux anataya mwayi wogwiritsa ntchito ulere pulogalamu ya BitKeeper imene ankasungiramo ntchito yawo. Basi, yatha. Koma taona chimene chinachitika, munthu anali ndi vuto nkupanga chida. Nawenso kayambire pomwepo, pa vuto lako.

Ndikanakhala iwe, ndisananene nkomwe dzina la Git ndikanatsegula foda pa sikirini anthu aone: site_final, site_final2, site_final_yeniyeni, site_final_iyi_osakhudza. Holo yonse iseka chifukwa aliyense ali nayo foda yotereyi, ngakhale akumabankiwo. Kenako unene za kasitomala uja amaimba 9 koloko usiku kuti "achimwene zimene mwasinthazi sizinandisangalatse, bwezani mmene zinalili Lachiwiri", iwe osakumbuka kuti Lachiwiri zinali bwanji. Ukafika pamenepo anthu atchera khutu okha, ndiye uwaonetse mmene umabwerera Lachiwiri. Kafoda kamodzi, kafayilo kamodzi, git init, git add, git commit (kusunga mmene fayilo ilili panthawiyo), usinthe mzere umodzi, git diff aone zofiira ndi zobiriwira, commit ina, git log aone mndandanda, kenako ufufute theka la fayilo mwadala pamaso pawo, udikire kaye pang'ono aone kuti zapitadi, nkuibweza ndi git restore. Makomandi 6 okha. Za branch ndi merge uwauze kuti zimenezo ndi za mwezi wina, mwinanso wina mwa akuluakulu aja adzitengere.

Chimodzi chokha chowonjezera chimene usachisiye: ambiri amayesa Git ndi GitHub ndi chinthu chimodzi. GitHub ndi webusaiti yosungirako ntchito ya Git pa intaneti, inayamba 2008 ndipo Microsoft inaigula mu 2018, pamene Git imakhala mu kompyuta yako momwemo ndipo zonse ndatchulazi imachita popanda intaneti. Zimitsa Wi-Fi anthu akuona usanayambe. Kwa munthu amene bandulo imamuthera pa 20 mwezi usanathe imeneyi ndi nkhani yabwino kuposa masilaidi ako onse, komanso iweyo wazipulumutsa ku netiweki yothawathawa.

Tsopano za demo, apa ndipamene anthu amayalukira ndiye ndichedwapo.

Ine tsiku langa loyamba kuyankhula pagulu lotere ndinafika nditatchena, jekete ndi tayi mwezi wa Okutobala, laputopu yanga inali ndi HDMI yokha pulojekita ya pamalopo ndi ya VGA, chija cha buluu cha timapini 15 chomanga ndi tizomangira tiwiri. Kaadaputa palibe. Mnyamata wina anakwera kabaza kukabwereka kwa mnzake, tinadikira mphindi 40 anthu akudya mandasi amene amayenera kudyedwa pomaliza, atabwera nako zinayaka bwinobwino, ndiye ndili mkati mofotokoza panatulukira uthenga wa WhatsApp pakona ya sikirini, zilembo zake zazikulu ngati chikwangwani cha pa msewu: "pobwera mugule tomato ndi bonya, ndipo ya lendi ija landilodi wabweranso". Mpaka lero pali anthu amanditchula kuti a Bonya. Zimene ndinaphunzitsa tsiku limenelo palibe akuzikumbuka.

Ndiye iwe funsa lero lomwe kuti pulojekita yake ndi yamtundu wanji, tenga adaputa yako ndi ekisitenshoni yako, fika ola lathunthu anthu asanafike ulumikize uone. Pa Windows dina batani la Windows pamodzi ndi P usankhe Duplicate kuti chimene ukuona iwe ndi chomwe akuona iwo. Tseka WhatsApp, tseka imelo, tseka matabu onse a mu browser. Ndipo usayerekeze kuonetsera pa webusaiti yeniyeni ya kasitomala, mumakhala mapasiwedi ndi manambala a anthu mmenemo, wina angojambula ndi foni. Panga yabodza, ya golosale ya kwa Aphiri yongopeka.

Zilembo za mu terminal, kawindo kolembamo makomandi kaja, zikulitse mpaka iwe uone ngati zanyanya, kenako pita ukakhale pa mpando wakumbuyo kwenikweni uwerenge, upeza kuti sizinanyanye. Paja ife timakonda sikirini yakuda ya zilembo zobiriwira kuti tizioneka ngati mahaka a mufilimu, koma mu kalasi yopanda makatani 2 koloko masana pa khoma sipaoneka kanthu. Ika yoyera zilembo zakuda.

Git nayo ili ndi timisampha take timene timagwira munthu pagulu. Ukabwereka laputopu ya wina imene sinapangepo commit, ikana nkukufunsa kuti ndiwe ndani, ndiye user.name ndi user.email uziike kale. Ukaiwala -m polemba commit, nthawi zambiri imakutsegulira Vim, pulogalamu yolembera yovuta kutulukamo, ndipo ndaonapo munthu wamkulu ndevu zake akumenya kiyibodi thukuta kamukamu osadziwa potulukira. Dina Esc, lemba :wq, Enter. Komanso git log ikatalika imaima ngati yafa, dina q. Makomandi onse uwalembe pa pepala motsatana uliike pambali pa laputopu, chifukwa manja akamanjenjemera ngakhale dzina la mayi ako umalemba molakwitsa. Ndipo ukalakwitsadi usabise, werenga error yo mokweza ndikuikonza anthu akuona, ongoyamba kumene amaphunzira zambiri pamenepo kusiyana ndi pamene zonse zikuyenda myaa.

Magetsi akhoza kuzima, izi ndiye sindikuuza zachilendo. Laputopu ikhale yodzadza, ujambule sikirini pa sitepe iliyonse uike mu PDF imodzi, ikhale pa fulashi komanso mu foni kuti zikavuta uitaye pa gulu lanu la WhatsApp aliyense azitsatira pa foni yake. Tenganso choko kapena maka. Ma commit ndi timipira tolumikizana ndi mivi, amajambulika pa bolodi bwinobwino.

Masilaidi asapose 8, ndipo usamawawerenge, anthuwo kuwerenga amatha. Konzekera za mphindi 20 osati 30, poti mudzayamba mochedwa, padzakhala pemphero, apampando adzakulandira ngati akulandira nduna, ndipo kulemba makomandi uku ukuyankhula kumadya nthawi kuposa mmene ukuganizira. Yeserera mokweza mawu, utaimirira, wotchi ya pa foni ikuyenda, katatu. Za mumtima sizowerengera ayi, mumtima aliyense ndi katswiri. Kamodzi uyeserere pamaso pa mlongo wako kapena aliyense wosadziwa za khodi, pamene ayambe kuyang'ana foni yake pamenepo ndi pofunika kudula. Mawu a mphindi ziwiri zoyambirira uwaloweze ngati ndakatulo ya ku pulayimale, mantha ambiri amakhala pamenepo, ukadutsapo pakamwa pamayenda pokha. Chiyankhulo usavutike nacho, makomandi ndi a Chingerezi kale, kufotokozako yankhula mmene mumayankhulira pa tiyi. Chingerezi cha pa intavyu chisiye kunyumba.

Za akuluakulu a madigiriwo. Gulu lina lotchuka la mtundu wanu womwewu, Homebrew Computer Club, linayamba kukumana mu Malichi 1975 mu galaja ya munthu ku Menlo Park, California, ndipo nkumene Steve Wozniak, mmodzi mwa oyambitsa kampani ya Apple, anakaonetsa kompyuta ya Apple I mu 1976 asanamalize ndi digiri yomwe. Magulu amenewa ndi a anthu oonetsana zimene apanga, si bwalo la mayeso. Akakufunsa chimene sukudziwa nena kuti "chimenecho sindinachiyesepo, alipo muno anakumana nacho?" uona wakubanki uja akudzuka mosangalala, amafuna kale mpata woyankhula. Funso lililonse ulibwereze mokweza akumbuyo amve. Koma pali mtundu wina uja amati "langa si funso kwenikweni koma ndemanga" nkuyamba ulaliki wake wa mphindi 10 za mmene iye ankagwiritsira Subversion, pulogalamu yakale yogwira ntchito ngati Git, ameneyo umudule mwaulemu, "bwana imeneyo ndi nkhani yabwino, tiipitirize pa tiyi", nkuloza dzanja lina.

Jekete usavale.

Ankolo,
Ine ndimakonza nawo misonkhano ya kagulu kathu kuno, vuto oyankhula ndi anthu awiri omwewomwewo mwezi ndi mwezi ndipo mmodzi akagwira maiki sasiya. Ena ndikawapempha amangoti sitinakonzeke. Nditani?
Mlongo wanu, Mzuzu

Achemwali,
Mukamuuza munthu kuti akayankhule ola lathunthu athawa ndithu. Muuzeni mphindi 5. Pezani anthu 6, aliyense aonetse kanthu kamodzi kamene kanamupulumutsa mwezi uno, kaya ndi fomula ya mu Excel, kaya mmene anaukitsira laputopu yakale poikamo Ubuntu (mtundu wina wa Linux), kaya mmene anapezera mafayilo mu fulashi yodwala vairasi. Ndipo musamapemphe pa gulu kuti "ndani angafune", pamenepo aliyense amayang'ana pansi, muimbireni munthu payekha mumuuze kuti chija munandionetsa tsiku lija mukaonetse anzathu.

Wokakamira maikiyo muyeseni PechaKucha, kachitidwe kamene kanayambira ku Tokyo mu 2003: masilaidi 20, iliyonse masekondi 20 ndipo imasintha yokha, zonse pamodzi mphindi 6 ndi masekondi 40. PowerPoint ndi LibreOffice Impress zonse zimatha kusintha masilaidi pazokha mukaika nthawi. Akakana zimenezo, ikani munthu kutsogolo ndi foni ya alamu yaphokoso, ikalira nonse muyambe kuwomba m'manja osasiya mpaka akhale pansi.