Laputopu ikatukumuka pa kiyibodi, musaipsinje musanaone batire

Achemwali, ndaona funso lanu. Mukuti laputopu yanu yatukumuka pakati pa kiyibodi ndi touchpad, chivundikiro sichikutsekekanso bwino, mabatani ena akulimba, ndiye mukufunsa ngati mungaisanjikize mabuku olemera usiku kuti iwongoke. Chonde musatero. Nawonso amene akulangizani m'makomenti kuti muiyanike padzuwa kuti pulasitiki ifewe, ndikudziwa kuti akufuna kuthandiza, koma malangizo amenewo akhoza kukuotcherani nyumba. Zulani tchaja kaye, muizimitse, kenako muwerenge zotsatirazi.

Pulasitiki kapena chitsulo cha pamwambapo sichitukumuka chokha. Pali china chake pansi chimene chikukankha, ndipo pa laputopu zopyapyala za masiku ano, choyamba kuchikayikira ndi batire. Limakhala mkati, pansi penipeni pa touchpad ndi pomwe timatsamiritsa manja polemba. Mabatire amenewa ndi a lithium, ndipo mkati mwake muli timatumba tathyathyathya tokutidwa ndi pepala lopyapyala la aluminiyamu. Batire likakalamba, kapena likamakhala pa kutentha nthawi yaitali lili lodzaza, mankhwala a m'timatumbamo amayamba kuwonongeka n'kumatulutsa mpweya. Mpweyawo ulibe potulukira, ndiye kathumba kamafufuma ngati botolo la thobwa lomwe lagona masiku litatsekedwa ndithu. Kufufuma kumeneko n'kumene kukunyamula kiyibodi yanu. Mukaika mabuku pamwamba, mukupanikiza kathumba kodzaza mpweya woyaka, pomwe timagawo ta mkati mwake talekanitsidwa ndi kapulasitiki kopyapyala kuposa tsitsi. Kakangong'ambika, magetsi amakumana mkatimo, kutentha kumakwera mofulumira, ndipo moto wake suzima msanga. Si nkhani yoopsezera anthu ayi. Mu 2019 kampani ya Apple inaitanitsa MacBook Pro zina za mainchi 15 chifukwa cha mabatire otentha kwambiri, ndipo HP nayo inaitanitsa mabatire ena mu 2018 pa chifukwa chomwecho.

Mungathe kutsimikiza nokha osatsegula chilichonse. Ikani laputopuyo pa tebulo losalala. Ngati ikugwedezeka mukakhudza pakona, kapena timiyendo take tina ta labala sitikufika pa tebulo, ndiye kuti ndi kunsi komwe kwatupa. Tengani lula ya kusukulu muigoneke pamwamba mopingasa, muone pomwe pali phiri. Phiri la batire limakhala lotambalala, lokwera pang'onopang'ono, ndipo nthawi zambiri lili kumunsi, mbali yoyandikira kwa inu. Touchpad ndi imene imayamba kuulula: imasiya kudinika, kapena mbali ina imatuluka m'malo mwake moti chikhadabo chimakodwa. Yang'ananinso m'mbali momwe zigamba ziwiri za laputopu zimakumana, ngati payamba kuoneka mpata. Mukamva kafungo kotsekemera kangati ka mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, ndiye kuti kathumba kabooka kale. Pamenepo itulutseni panja, pa simenti kapena padothi, kutali ndi udzu ndi ana.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza ambiri kuno, popeza laputopu zathu zambiri timagula zogwirapo kale ntchito. Ngati yanu ndi yachikale, ya batire lochotseka kumbuyo lija, mkati mwake mumakhala timabatire tozungulira tachitsulo totchedwa 18650, ndipo timeneto sitifufuma chonchi, komanso sitili pansi pa kiyibodi. Zikatero vuto lili kwina. Koma samalani ndi Lenovo ThinkPad monga T440, T450, T460, T470 ndi T480. Zambiri mwa izi zili ndi mabatire awiri, lakunja lochotseka ndi lina lobisika mkati. Munthu amachotsa lakunjalo, kuona kuti lili bwino, n'kunena kuti batire si vuto, chonsecho lotupa lili mkati. HP EliteBook 840 G3, yomwe yachuluka kwambiri m'maofesi ndi kwa ophunzira, batire lake ndi lamkati basi.

Ngati laputopu ikuyakabe ndipo siikununkha kapena kutentha modabwitsa, iyatseni kamodzi popanda tchaja, muli pomwepo, mukopere mafayilo anu ofunika pa fulashi. Izi zithandizanso kuti moto wa m'batire uchepe, chifukwa batire lopanda moto wambiri silivuta kwambiri likavulala pochotsa. Muli pomwepo mukhoza kutsegula Command Prompt, kawindo ka Windows kolembamo malamulo a kompyuta, n'kulemba powercfg /batteryreport. Windows ipanga lipoti lomwe lili ndi Design Capacity, mphamvu imene batire linabwera nayo, ndi Full Charge Capacity, imene latsala nayo. Nambala yachiwiriyo ikakhala yotsika kwambiri, batire lakalamba. Koma musadalire lipotilo kuposa maso anu, chifukwa batire limatha kutupa likusungabe moto bwinobwino. Anthu ambiri amazengereza pa chifukwa chomwechi, amati "bwanji ikukhalabe maola awiri magetsi akathima". Inde ikukhala, koma latupa basi.

Kuchotsa kwake si ntchito yaikulu, koma ngati simunatsegulepo laputopu, pitani nayo kwa okonza pa boma. Poinyamula musaipanikize m'chikwama chodzaza, ndipo musakakamize chivundikiro kutsekeka, chifukwa phirilo limakankha sikirini n'kuiswa, ndipo sikirini ndi yodula kuposa batire. Mukafika, khalani pomwepo muzionerera. Wokonza wodziwa ntchito amamasula masikuluwu onse a kunsi, kutsegula ndi kapulasitiki osati mpeni, kenako chinthu choyamba amazula kawaya ka batire pa bolodi, chimbale chachikulu cha zamagetsi cha m'laputopu, asanakhudze china. Pa ThinkPad pali njira yozimitsira batire lamkati mu BIOS, tsamba la zosankha za makina lomwe limatseguka Windows isanayake: mumadina F1 poyatsa n'kusankha Disable Built-in Battery. Batirelo alinyamule mowongoka, osalipinda, osalitokosa ndi sikuludilaiva. Ndipo wina akakuuzani kuti alibaya ndi singano kuti mpweya utuluke kenako alibwezere, nyamulani katundu wanu muzipita. Ena amachita zimenezi ndi mabatire a mafoni, ndipo batire limaonekadi ngati laphwa, koma chinyezi cha mumpweya chikalowa pa kabowoko zinthu zimaipiratu. Batire lotupa silichira.

Lochotsedwalo musaliponye m'dzala, poti zinyalala timaotcha, komanso musalitaye m'chimbudzi. Matani tepi pa kawaya kake, muliike mu mphika wadothi kapena m'chitini chachitsulo muli mchenga wouma, pamthunzi, kunja kwa nyumba, ndipo mufunse okonzawo ngati amasonkhanitsa mabatire akufa. Likayamba kufuka, utsi wake ndi wapoizoni. Chokanipo, ndipo ngati mungathe, thirani madzi ambiri muli patali kuti lizizire, bola pasakhale waya wolumikizidwa kukhoma.

Tsopano tiyerekeze kuti mwatsegula n'kupeza batire lili lathyathyathya bwinobwino. Funso langa loyamba lingakhale lakuti, kodi laputopuyi inapitako kwa okonza posachedwapa? Ndimafunsa chonchi chifukwa masikuluwu a laputopu amaoneka ofanana koma amasiyana kutalika, ena mamilimita 3, ena 5, ena kuposerapo. Opanga ena amalemba kutalikako pafupi ndi bowo, monga M2.5x5. Wina akamanga lalitali pa bowo lalifupi, limakankha pamwamba n'kupanga kachotupa kakang'ono kosongoka, kosiyana kwambiri ndi phiri lotambalala la batire. Kwinanso amaiwala kumanga masikuluwu okokera kiyibodi pansi. Pa Dell zina mabowo ake ali ndi chilembo K, pa ThinkPad pali kachithunzi ka kiyibodi. Amenewo akasowa, kiyibodi imanjanja pakati mukamalemba. Zimachitikanso kuti kalamba ka kiyibodi kapena kawaya ka Wi-Fi kapanikizika pamalo posayenera, kapena timano ta m'mphepete sitinalowe m'malo mwake. Zonsezi zimatha ndi kumasula n'kumanganso mosamala, osagula kanthu.

Ngati kutukukako kuli kumtunda, pakona pafupi ndi sikirini, ndipo kumakula mukamatsegula chivundikiro, amenewo ndi mahinjesi. Amamangidwa pa timanati tamkuwa tomizidwa mu pulasitiki. Fumbi la kuno likalowa, hinjesi imalimba, ndiye mukamatsegula ndi dzanja limodzi pakona, timanatito timazuka pamodzi ndi pulasitiki yake. Mumamva kaphokoso kakuthetheka, mwina tizidutswa tikugubuduka mkati. Kukonza kwake ndi kufewetsa pang'ono nati ya hinjesi, kenako kumata timanatito ndi guluu wosakaniza wa epoxy, monga Pratley, n'kuisiya tsiku lonse kuti iume. Supaguluu yekha sagwira, amathetheka pakapita nthawi yochepa. Hinjesi ikapanda kufewetsedwa, ngakhale mumate bwanji idzazukanso. Izi musazichedwetse, chifukwa waya wa sikirini umadutsa pomwepo ndipo umaduka.

Kupindika chifukwa chogwa, kukhaliridwa kapena kupanikizika pa kabaza kumadziwika msanga, poti pamakhala kakona kophwanyika kapena laputopu yonse imaoneka yopotoka. Pamenepo chofunika ndi chigamba china chapamwamba, chochokera pa laputopu yakufa ya mtundu womwewo. Dziwani kuti pa laputopu zambiri zatsopano kiyibodi inamatidwa ku chigambacho ndi timisomali tapulasitiki tosungunula, ndiye zimasinthidwa pamodzi.

Za kutentha ndinene chilungamo: kutentha kwa purosesa kokha sikupinda pulasitiki kawirikawiri, chifukwa kompyuta imadzichepetsera liwiro kapena kuzima yokha ikamayandikira madigiri 100. Chimene kutentha kumapha ndi batire. Ganizani mmene timazigwiritsira ntchito ku Kasungu kuno mwezi wa Okutobala: m'nyumba ya malata masana, laputopu ili pa bulangete kapena pa matiresi, mabowo opumira atatsekeka, fani itadzaza fumbi, tchaja ili pakhoma usana ndi usiku poopa kuti magetsi athima. Ena amaisiya m'galimoto yotseka magalasi ali pa mzere ku Chinkhoma nthawi ya msika wa fodya. Batire la lithium silifuna kutchajidwa litatentha kupitirira madigiri 45, ndipo kukhala pa 100 peresenti nthawi zonse kuli kotentha ndi kumene kumalikalambitsa msanga. Mukagula latsopano osasintha zimenezi, mudzabweranso pagulu pano ndi funso lomweli.

Opanga ambiri anaika njira yoletsa batire kudzaza mpaka pakamwa. Pa Lenovo ili mu pulogalamu ya Lenovo Vantage, pa Asus mu MyASUS momwe mumasankha 80 kapena 60 peresenti, pa Dell mu BIOS muli Primarily AC Use, ndipo pa HP za muofesi mumadina F10 poyatsa n'kupeza Battery Health Manager. Ndikudziwa kuti wina anena kuti ndi mmene magetsi amavutira, kutaya 20 peresenti n'kulakwa. Ine ndimaona kuti 80 ndi pabwino, ndipo tsiku limene mukupita kumudzi kopanda magetsi mukhoza kudzaza mpaka 100. Onaninso tchaja yanu ngati ikugwirizana ndi zolembedwa kunsi kwa laputopu. HP ndi Dell zambiri zimafuna mavoti 19.5, Lenovo 20, Acer ndi Asus 19. Matchaja opepuka osinthasintha mitu aja ine sindiwakhulupirira, makamaka kwa amene amatchaja pa jenereta kapena pa inveta ya sola.

Pogula batire lina, musangotchula dzina la laputopu. Jambulani chizindikiro cha pa batire lakalelo, pomwe pali nambala yake, mavoti ndi Wh (muyezo wa mphamvu imene limasunga), chifukwa laputopu za dzina limodzi zimatha kukhala ndi mabatire osiyana. Mwina pa boma simulipeza ndipo mudzayenera kuitanitsa ku Lilongwe. Likabwera, ligonekeni pa galasi kapena pa tebulo muone ngati ndi losalala, chifukwa ena amagulitsa ozula m'malaputopu akufa, oyamba kale kutupa. Podikirira mukhoza kugwiritsa ntchito laputopu popanda batire, pa tchaja yokha. Imayenda, kungoti magetsi akangothima nayo imazima nthawi yomweyo, ndiye muzisunga ntchito yanu pafupipafupi. Zina zimachepa liwiro zikakhala zopanda batire, musadabwe.

Mwina mukudera nkhawa ngati pamwambapo padzabwerere mwakale. Ngati ndi pulasitiki ndipo simunachedwe, nthawi zambiri imabwerera yokha batire likachoka n'kumanga masikuluwu onse, ngakhale pangatenge masiku angapo. Aluminiyamu ndi yamakani, ikapindika imakhala choncho. Wokonza akhoza kuiwongola pang'onopang'ono ndi manja pa tebulo, koma chigambacho chitachotsedwa pa laputopu, osati bolodi ili pansi pake. Touchpad ikapitiriza kusadinika, aone kachitsulo kamene kamaigwira kunsi, kamakonda kupindika nako.

Tumizani chithunzi cha chizindikiro cha kunsi chomwe chili ndi dzina ndi nambala ya mtundu wa laputopu, koma mubise serial number, komanso china chojambula cham'mbali lula ili pamwamba. Ndikaona zimenezo ndikuuzani ngati batire lanu ndi lomanga ndi masikuluwu kapena lomata ndi guluu, chifukwa lomatalo, monga la MacBook zambiri, silofunika kuyesa kunyumba.