Kukumba Bitcoin ndi sola ku Nchalo: yambani mwawerengera magetsi

Achimwene, mwafunsa ngati sola ingayendetse makina okumbira Bitcoin (makompyuta apadera opezera ndalama ya pa intaneti imeneyi) pakhomo panu ku Nchalo. Ngati muli ndi mapanelo awiri atatu okha, musataye ndalama zanu.

Makina amodzi otere, otchedwa Antminer S19 Pro, amakoka mawati 3,250 usana ndi usiku, kutanthauza mayunitsi 78 pa tsiku. Tikawerengera maola 5 a dzuwa lamphamvu, pakufunika mapanelo pafupifupi 30 a mawati 550, kuwonjezera mabatire oti agwire usiku wonse, omwe ndiwo amadya ndalama kwambiri.

Koma chondidetsa nkhawa ndi kutentha kwa kuchigwa kuno. Magetsi onsewo amasanduka kutentha m'chipinda momwemo, pomwe makinawa sayenera kugwira ntchito pamalo opitirira madigiri 40. Mu Okutobala ife timadutsa pamenepo. Makina amadzizimitsa okha, apo ayi mabolodi a zamagetsi a m'kati mwake amapsa, makamaka fumbi likamatirira pa mafani ndi pa tizitsulo toziziritsa. Phokoso lake ngati chigayo.

Mukati mugwiritse ntchito magetsi a ESCOM, makinawa amakoka maampu pafupifupi 15, ndiye pulagi wamba imatentha mpaka kusungunuka. Pamafunika waya wakewake ndi bureka yake. Musaiwalenso kuzimazima kwa magetsi, monga muja Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu 2022: makina akazima, palibe cholowa.

Mabatire akatha musawataye kudambo, asidi ndi mtovu zimalowa m'madzi omwe ng'ombe zimamwa.