Ma puzzle achitsulo patebulo la pabalaza: oyenera kugula ndi ati?

Mayi wina wa ku Area 47 wanditumizira imelo. Akuti wagula tebulo lagalasi la pabalaza, koma watopa ndi maluwa apulasitiki. Waona pa intaneti ma puzzle achitsulo, tizitsulo tolowanalowana timene munthu amavutika kutimasula ndi kutibwezera, ndipo akufunsa ngati tingakhale tokongoletsera komanso kuti agule totani.

Mayi, tingakhale ndithu, koma dziwani kuti kanthu kotere sikakhala m'kabati ngati makapu a paukwati aja. Aliyense wokhala pampando akatola, kuyambira apongozi mpaka mnyamata wobwera kudzakonza soketi. Ndiye posankha musangoyang'ana kukongola kwake pachithunzi. Dzifunseni kuti kadzaoneka bwanji mlendo akakamasula theka n'kutsanzika.

Odziwika kwambiri ndi a kampani ya ku Japan yotchedwa Hanayama. Anayamba kutuluka mu 1983 ndi dzina loti Cast Puzzle, moyang'aniridwa ndi katswiri Nob Yoshigahara, ndipo masiku ano pabokosi amalemba kuti Huzzle. Amawaika m'magulu kuyambira 1, osavuta, kufika 6, ovuta zedi. Ambiri amathamangira 6 poganiza kuti ndiye apamwamba. Ine sindingakulangizeni zimenezo. Cast Enigma, wa gulu 6, ndi tizitsulo titatu topiringizana, ndipo munthu angathe masiku akulimbana nato. Mlendo wodzacheza ola limodzi amangokagwiragwira n'kukasiya, kapena, zomwe n'zoipa kwambiri, amayamba kukakoka ndi mphamvu. Ma puzzle amenewa safuna mphamvu ngakhale pang'ono. Akapindika, njira yake yomasulira imatsekeka kapena imatakasuka mopitirira, basi kathera pomwepo.

Patebulo ikani kamodzi kosavuta, monga Cast Loop ka Vesa Timonen wa ku Finland, koti munthu amalize tiyi asanazizire, ndi kena kapakatikati. Kokongola kwambiri kwa ine ndi Cast Marble, kamene anapanga Bram Cohen, yemwe uja anayambitsa BitTorrent, njira yogawirana mafayilo pa intaneti, pamodzi ndi Oskar van Deventer wa ku Netherlands. Ndi kampira konyezimira kokhala mkati mwa kachitsulo ka makona anayi. Kumasula n'kosavuta kwenikweni, ntchito ili pobwezera. Ndiye musanakaike poyera, phunzirani kaye kubwezera nokha, apo ayi mudzakhala ndi zidutswa zinayi m'dirowa mpaka kalekale.

Zithunzi za pa intaneti zimanamiza pa kukula. Ambiri mwa ma puzzle a Hanayama ndi aang'ono, okwana m'chikhatho. Kamodzi kokha pakati pa tebulo lalikulu kamaoneka ngati makiyi amene wina waiwala. Pezani mbale yosema yamtengo, ngati zimene amagulitsa pafupi ndi positi ofesi ku Old Town, muikemo tiwiri kapena titatu. Mbaleyo ithandizanso kuteteza galasi lanu, chifukwa chitsulo chikamagwera pagalasi tsiku ndi tsiku mapeto ake ndi mikwingwirima kapena kuthetheka m'mphepete.

Mukafuna chachikulupo, chooneka munthu akangolowa pakhomo, funani mphete za ku China zija: mphete zisanu ndi zinayi zomangidwa pakachogwirira kakatali kawaya. Ndi masewera akale kwambiri, moti Gerolamo Cardano wa ku Italy anawalongosola m'buku lake mu 1550. Kuchotsa mphete zonse 9 kumafuna masitepe 341, ngati simunalakwitse pena. Za mphete 5 zimafuna 21 okha, za mphete 7 zimafuna 85. Ubwino wake ndi woti sizibalalika. Ngakhale mlendo asiyire panjira, chinthucho chimakhalabe chimodzi ndipo chimaonekabe bwino.

Tsopano za nyengo yathu ino. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itayamba, fumbi la mu Lilongwe limalowa paliponse, ndipo m'timipata ta puzzle limachititsa kuti zidutswa zizikakamira. Pukutani ndi kansalu kouma kapena mswachi wakale. Musathire mafuta ophikira kapena a makina, amangoitana fumbi lina n'kudetsa manja a alendo. Nthawi ya dzinja vuto ndi dzimbiri. Apa tengani maginito poyesa: ikamata, nthawi zambiri ndiye kuti ndi chitsulo wamba chokutidwa ndi zonyezimira, ndipo zokutazo zikasupuka dzimbiri liyamba. Ambiri a Hanayama ndi a zinc, amene sachita dzimbiri lofiira lija, kungoti mtundu wake umafwifwa malo amene zala zimagwira kwambiri. A mkuwa amada pang'onopang'ono, koma Brasso amawabwezera mwakale. Ena amakonda kuderako, ine ndili m'gulu lomwelo.

Simunanene ngati pakhomo pali ana aang'ono. Ngati alipo, chilichonse chokwana m'kamwa chisakhale patebulo lalifupi chonchi. Timipira tamaginito timene amagulitsa ngati zoseweretsa za akuluakulu musatilowetse n'komwe m'nyumba. Mwana akameza tiwiri, timakokana mkati n'kupana matumbo mpaka kuboola, ndipo zikatero ndi za opareshoni.

Kogula? M'masitolo muno sindikulonjezani, kawirikawiri n'kuitanitsa kunja kapena kutuma wachibale wochokera ku Johannesburg. Mukaitanitsa, werengeranitu mtengo wotumizira ndi msonkho wa MRA, ndipo samalani ndi zotengera zotsika mtengo zosalembedwa dzina, chifukwa zambiri zimakhala ndi m'mphepete mwakuthwa ndipo zimakakamira pomwe zimayenera kutsetsereka.

Koma musanataye ndalama zakunja zosowazi, pitani kwa owotcherera ku Mchesi kapena ku Kawale ndi chithunzi cha puzzle ya misomali iwiri. Ndi misomali ikuluikulu, ya mainchesi 6, uliwonse wopindidwa pakati kuti upange kampheta, kenako n'kukolanitsa. Chinsinsi chili pa mpata wotsala pomwe msomali wadutsana wokha: uzikhala wocheperako pang'ono kuposa kunenepa kwa msomali, kuti munthu asangokoka n'kuchotsa, koma azichita kupotoza kuti mipata iwiriyo ikumane. Muwauze adule nsonga, asalaze bwino ndi fayilo, ndipo apange mapeya angapo, chifukwa mpatawo suyenda bwino ulendo woyamba.