Ngati Bitcoin ilibe bwana, amalengeza tsiku losintha ndani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Zomba amene akuphunzira za makompyuta. Anafunsa kuti: "Mumati Bitcoin ilibe mwini, ilibe ofesi. Nanga pulogalamu yake ikafunika kusinthidwa, amauza makompyuta onse a padziko lapansi kuti asinthe tsiku limodzi ndani? Kapena bwana alipo koma mumangomubisa?"

Achimwene, bwana kulibe, ndipo n'chifukwa chake kusintha kamodzi kokha kumadya zaka. Pulogalamu imene anthu ambiri amagwiritsa ntchito, Bitcoin Core, siidzisintha yokha ngati mapulogalamu a m'foni mwanu. Anaipanga dala choncho. Mwini aliyense wa node, kompyuta yoyendetsa pulogalamuyi, ayenera kutenga yatsopano ndi kuiika yekha, ndipo akakana palibe angamugwire pakhosi. Ndiye ntchito yaikulu si kulemba khodi ayi, koma kunyengerera anthu osadziwana, okhala m'maiko osiyanasiyana, kuti agwirizane malamulo amodzi pa buloko imodzi, ndiko kuti tsamba limodzi la m'buku la ndalama la Bitcoin.

Kuti muone kuopsa kwake, tibwerere ku Malichi 2013. Panali patatuluka pulogalamu yatsopano ya Bitcoin 0.8, ndipo mosayembekezeka inavomera buloko ina yaikulu imene 0.7 ndi zakale zinaikana. Buku la ndalama linagawanika pawiri, uku tcheni chake cha mabuloko, uku chake. Olemba pulogalamu ndi eni magulu a okumba (amene makompyuta awo amapanga mabuloko atsopano n'kulandira mphoto) anakumana usiku womwewo pa IRC, macheza olemberana a pa intaneti, ndipo anagwirizana kuti magulu aakulu monga BTC Guild abwerere ku 0.7. Potero anataya mphoto ya mabuloko amene anali atakumba kale. Palibe anawalamula. Anangoona okha kuti mudzi ukapsa, nkhokwe yawonso ipsera momwemo. Patangotha maola ochepa tcheni chinabwerera kukhala chimodzi.

Pa kusintha kwa malamulo kotchedwa SegWit zinthu sizinayende mwamtendere chotero. Lamulo linali lakuti mabuloko 95 pa 100 aliwonse asonyeze kuti okumba akonzeka, koma panatha miyezi yambiri chiwerengerocho chili kutali. Mu Meyi 2017 makampani ndi okumba aakulu anachita pangano lawo ku New York, pamene munthu wina wobisa dzina, wodziwika kuti Shaolinfry, anali atabweretsa ganizo lotchedwa BIP 148, lonena kuti kuyambira pa 1 Ogasiti eni ma node azikana mabuloko osasonyeza SegWit. Mapeto ake SegWit inayamba kugwira ntchito pa 24 Ogasiti 2017, ndalama ina yotchedwa Bitcoin Cash inapatuka n'kuyenda njira yake, ndipo gawo lachiwiri la pangano la ku New York, lokulitsa mabuloko, linathetsedwa mu Novembala. Anthu anatulukamo ndi mabala, ena mpaka lero sayankhulana.

Mabala amenewa ndi amene anaumba ulendo wa Taproot, kusintha kwina kwa malamulo kumene kunabwera pambuyo pake, ndipo apa ndi pamene ndikufuna muyang'anitsitse. Greg Maxwell anatulutsa ganizoli mu Januwale 2018. Pieter Wuille ndi anzake analilemba mwatsatanetsatane kukhala BIP 340, 341 ndi 342. BIP ndi chikalata chabe chofotokoza ganizo; kupatsidwa nambala sikutanthauza kuti lavomerezedwa. Chakumapeto kwa 2019 Anthony Towns anathandiza kukonza timagulu ta anthu odzipereka toti tiziwerenga zikalatazi sabata ndi sabata, kusaka zolakwika. Pofika kumapeto kwa 2020 khodi inali italowa kale mu Bitcoin Core, ndipo otsutsa Taproot yeniyeniyo anali ochepa kwambiri. Mkangano unali pa kayatsidwe kake: kodi okumba akazengereza ngati mu 2017, tiwakakamize kapena tingowasiya? Funso laling'onoli, limene ankalitchula kuti LOT=true kapena LOT=false, linadya misonkhano ingapo pa IRC kumayambiriro kwa 2021.

Ndimawalemekeza kwambiri anthu amene ankaitanitsa misonkhano imeneyi, monga Michael Folkson. Tangoganizani kukhala wapampando wopanda ndodo: mwalengeza nthawi, mwalemba mfundo zokambirana, mwasonkhanitsa maganizo a mbali zonse, mwatulutsa zimene zakambidwa kuti amene anali mtulo ku mbali ina ya dziko awerenge m'mawa, kenako mbali zonse ziwiri zikukunenani kuti mwakondera. Alejandro De La Torre, amene ankagwira ntchito ku Poolin, anafunsa magulu a okumba limodzilimodzi n'kumalemba poyera amene avomera. Ntchito yotopetsa, yosaoneka, koma popanda iyo aliyense akanangomaganizira mnzake zoipa.

Chimene chinamasula mfundo ndi njira imene anaitcha Speedy Trial, yochokera kwa Russell O'Connor: tiwapatse okumba miyezi itatu yokha, zikakanika tidzakambirananso. Chofunika chinali mabuloko 1,815 mwa 2,016, kutanthauza 90 pa 100, m'nyengo imodzi ya pafupifupi masabata awiri. Hampus Sjöberg anapanga tsamba la taproot.watch losonyeza buloko iliyonse ngati kabokosi, kobiriwira ngati yavomera, kofiira ngati ayi, ndipo gulu lochedwa linkaonekera kwa aliyense. Manyazi anagwira ntchito imene lamulo silikanatha. Chiwerengero chinakwana pa 12 Juni 2021, koma Taproot inadikirabe mpaka buloko 709,632, imene inakumbidwa pa 14 Novembala 2021. Miyezi isanu ya pakatiyi anaisiya dala kuti eni ma node apeze mpata wosintha. Onaninso kuti pa Taproot "tsiku" limene munafunsa lija si la pa kalendala. Ndi nambala ya buloko imene inalembedwa m'pulogalamu, ndipo kompyuta iliyonse imaiwerengera yokha.

Pali chimodzi chimene sindikufuna kukubisirani. Si onse amene amagwira ntchitoyi kwaulere. Ena amalipidwa kapena kuthandizidwa ndi mabungwe monga Chaincode Labs, Brink ndi Spiral, ndipo pali anthu ochepa amene ali ndi chilolezo cholowetsa khodi mu Bitcoin Core. Mawu a anthu amenewa amalemera kuposa anu ndi anga, ndipo ndi bwino kumawayang'anira. Komabe mphamvu yawo imathera pa kutulutsa pulogalamu. Kuiika kapena kuikana kumatsalira mwini node.

Munafunsanso kumapeto ngati munthu wa kuno angalowemo. Angathe, ndipo safunikira chilolezo cha wina aliyense. Yambani ndi kalata ya Bitcoin Optech imene imatuluka sabata iliyonse, muziona zimene zikukambidwa. Kenako yesani kuyendetsa node pa signet, netiweki yoyeserera imene ndalama zake zilibe mtengo ndipo siidya bandulo ngati netiweki yeniyeni. Pulogalamu yatsopano isanatuluke amayamba atulutsa yoyesera n'kupempha anthu kuti aiyese. Ikakugwerani magetsi atathima pakati, lembani bwinobwino zimene zachitika n'kuwatumizira pa GitHub, tsamba la pa intaneti limene khodiyo imasungidwa. Ambiri mwa olemba khodiwa amakhala kumene magetsi sathimathima, ndiye lipoti lotero angalimve koyamba kuchokera kwa inu.