Spitfire yodumphadumpha potera: miyendo yake ilibe mlandu

Achimwene, mwafunsa chifukwa chimene Spitfire, ndege yankhondo ya ku Britain ya mu DCS World (masewero a pa kompyuta oyeserera kuyendetsa ndege), imati ikangogunda pansi n'kubwereranso m'mwamba, kenako ikakhazikika n'kupotoka mpaka phiko kukhula pansi, chikhalirecho F/A-18C Hornet mumatera nayo bwinobwino. Mukukayikira kuti mwina a Eagle Dynamics, omwe anapanga masewerowa, anaumitsa miyendo yake mopitirira. Ine ndikuti miyendoyo ili bwino. Chimene chikukubwezerani m'mwamba ndi mapiko, ndipo chizolowezi chimene mwachitenga kwa Hornet ndicho chikukupwetekani.

Taonani pamene pali matayala. Pa Hornet matayala awiri akuluakulu ali kumbuyo kwa pamene pagona kulemera kwa ndege. Akagunda pansi kulemerako kumatsitsa mphuno, mapiko amasiya kunyamula, ndege n'kumamatira pansi. Ndiponso ndege imeneyi anaipangira kutera pa sitima yapamadzi: imabwera pa angle of attack (kupendekeka kwa mapiko pokumana ndi mphepo) ya madigiri 8.1, ikutsika motsetsereka madigiri 3.5, ndipo imafika pansi chomwecho osabweza chilichonse. Miyendo yake inapangidwira nkhonya imeneyo. Pa Spitfire zinthu n'zotembenuka. Matayala akuluakulu ali kutsogolo, kulemera kuli kumbuyo kwake. Mukagunditsa matayala awiriwo ndege ikutsikabe mwamphamvu, iwo amaima koma kulemera kumapitirira kutsika, ndiye mchira umagwa. Mchira ukagwa mphuno yakwera, mapiko akumana ndi mphepo mopendekeka kwambiri, ndipo ngati liwiro likadalipo ndege imaulukanso. Onerani replay yanu mutadina F2 kuti ndege muione kuchokera kunja, muchepetse liwiro la chithunzi, muyang'anitsitse mchira pa nthawi imene matayala akukhudza pansi. Muona kuti mchira ndiwo ukuyamba kutsika, kudumpha kukubwera pambuyo.

Choncho ntchito yanu ndi yofikitsa ndegeyo pansi itatha kale mphamvu youlukira, mchira uli kale m'munsi, kuti matayala onse atatu akhudze limodzi. Musananyamuke, ndege ili chiimire pa bwalo, khalani kaye phee muone pamene m'mphepete mwa dziko mukudutsa pa galasi ndi pa mphuno. Chithunzi chimenecho chisungeni m'mutu, chifukwa ndicho mukachifunefune potera. Tsitsani miyendo ndi ma flaps (zigawo za kumbuyo kwa mapiko zothandiza kutera pa liwiro lochepa) liwiro litachepera 160 mph. Ma flaps a Spitfire alibe pakati, amakhala m'mwamba kapena pansi basi, ndipo akatsika mphuno imagwa, ndiye konzani trim (chosinthira kuti mphuno izikhazikika yokha) nthawi yomweyo. Bwerani mokhota, osati molunjika kuchokera kutali, chifukwa mphuno yaitali ija imabisa msewu wonse woterapo. Pofika kumayambiriro kwa msewuwo mukhale cha m'ma 95 mph. Tsekani throttle (chogwirira cha mphamvu ya injini), ndege muiyandamitse pang'ono chabe pamwamba pa nthaka, ndipo muziikaniza kutera. Ikafuna kutsika kokani stick (ndodo yowongolera ndege) pang'ono, ikafunanso kokaninso, mpaka chithunzi chija chikwane. Ikakhala pansi kokerani stick pamimba ndipo musaibwezenso. Anthu ambiri amalephera kupirira pano, amaona msewu ukutha n'kuikankhira ndege pansi. Ngati ukuthadi ndiye kuti munabwera ndi liwiro lochuluka, zungulirani mubwerenso.

Ikadumpha pang'ono, gwirani mphuno pamene ili, ibwerera yokha. Musakankhe stick kutsogolo, chifukwa mudzagunditsanso matayala akutsogolo ndipo kudumpha kwachiwiri kumaposa koyamba. Ikadumpha kwambiri onjezerani mphamvu muuluke, koma throttle muikankhe pang'onopang'ono, phazi lamanja lili tcheru. Injini ya Spitfire, yotchedwa Merlin, ikapatsidwa mphamvu yonse mwadzidzidzi ndege ili pa liwiro lochepa, imaigudubuzira kumanzere.

Tsopano kupotoka kuja, komwe kwa ine ndiye nkhani yaikulu. Gwero lake ndi lomwe lija, kulemera kumene kuli kumbuyo kwa matayala. Zili ngati muvi woponyedwa nthenga zili patsogolo: umafuna kutembenuka basi. Mphuno ikangosuntha pang'ono kumanja, kulemerako kumakankhira mchira kumanzere, kukhota kumakula, ndipo kukamakula mphamvu yokankhayo nayo imakula. Nthawi yoopsa kwambiri imafika pamene ndege yayamba kuchepa liwiro ndipo inu mukuona ngati mwatha, chifukwa mphepo yofika pa rudder (chiwongolero cha kumchira choyendetsedwa ndi mapazi) yachepa ndipo injini sikuuziranso kumchira. Apa maso akhale kutali kutsogolo ndi m'mbali zonse ziwiri za mphuno. Mukaona mphuno yayamba kusuntha, pondani rudder mwachangu n'kubweza phazi nthawi yomweyo, musadikire kuti mphuno ibwerere pakati phazi lili chipondere. Mukadikira imapitirira mbali inayo, ndipo kachitatu simungaigwirenso. Mapazi azingovina tizigawo ting'onoting'ono mpaka ndege itaima.

Chimene chimaivutitsa Spitfire kuposa anzake n'chakuti katayala kake ka kumchira kamangozungulira momasuka, kalibe loko, ndipo matayala akuluakulu ali moyandikana. Rudder ikatha mphamvu mumatsala ndi mabuleki okha. Mabuleki akewo ndi a mpweya, chogwirira chake n'chimodzi pa stick, ndipo mapedulo a rudder ndiwo amagawa mpweyawo: mukaponda kumanzere uku mukufinya chogwiriracho, tayala lakumanzere ndilo limagwira kwambiri. Ngati mabulekiwo munawaika pa batani, kudina kulikonse kumapereka mphamvu yonse. Ayikeni pa axis (chogwirira chopereka mphamvu pang'onopang'ono) ngati muli nayo yotsala, ndipo ngati mulibe muzingogunda batanilo mwakanthawi kochepa kwambiri. Mukafinya mwamphamvu mchira umadzuka, pulopela n'kulima pansi.

Ndege zina za nthawi ya Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse zili ndi zothandizira zimene muyenera kuzidziwa musanaziweruze. Pa P-51D, stick ikakhala kumbuyo katayala ka kumchira kamagwidwa ndipo kamatsatira mapedulo madigiri 6 mbali iliyonse, mukaikankhira kutsogolo kamamasuka. Pa Fw 190 kukoka stick kumakatsekanso, ndipo miyendo yake ndi yotalikirana, n'chifukwa chake imakhululuka zambiri. Bf 109 K-4 ili ndi chogwirira chakechake chotsekera katayalako kumanzere kwa woyendetsa, ndipo mukaiwala kutseka musanatere, miyendo yake yopanikizana ija, yomwe inamangidwa ku thupi la ndege osati ku mapiko, sidzakupulumutsani.

Pali chimodzi chimene ndikugwirizana nanu: pa kompyuta n'kovutadi mwanjira ina. Woyendetsa ndege yeniyeni amamva m'thupi mchira ukayamba kuterereka, maso asanaone n'komwe. Ife tili ndi maso okha, ndiye timachedwa. N'chifukwa chake potera ndi bwino kubweza zoom kuti muziona m'mbali mokwanira. Ngati rudder yanu ndi yopotokola joystick, ikanipo curve (chosinthira mmene rudder imamverera dzanja lanu) pang'ono kuti pakati pafewe, koma osachulutsa, chifukwa curve yaikulu imapangitsa kuti kumapeto rudder izilumpha pa nthawi imene mukuifuna kwambiri. Mulowenso mu Special options ya ndegeyo muzimitse auto rudder ndi take-off assistance. Zimenezi zimapondera mapedulo m'malo mwanu, ndipo mapazi anu saphunzira kanthu.

Poyeserera, yambani ndi TF-51D, mtundu wophunzitsira wa P-51D, yomwe imabwera yaulere mu DCS World. Ikani tsiku lopanda mphepo, musanyamuke n'komwe. Thamangani pa msewu woterapo mpaka mchira utatsala pang'ono kudzuka, tsekani throttle, muimitse ndegeyo ili pa mzere wapakati. Tembenukani, bwerezani. Ikamaima mowongoka nthawi zonse chitani zomwezo ndi Spitfire, ndipo pokhapo muyambe kuzungulira bwalo ndi kutera. Mphepo ya m'mbali muionjezere pomaliza, stick mukuipendekera mbali imene mphepoyo ikuchokera mpaka ndege itaima.