Msuweni, za magetsi wafunsazo

Eee, moni nonse. Akuluakulu pepani, ndatumiza mawu m'malo molemba chifukwa manja anga ali dothi lokhalokha, foniyi ndangoitsamiritsa pa chitsa. Ndikufuna ndimuyankhe msuweni wangayu. Wafunsa kuti kumudzi kuno kumene ndikugwira ntchito yodzipereka magetsi aliko kapena ayi, komanso kuti foni timatchaja bwanji. Iwe... uthenga wa 1 koloko usiku, nkhani yake ya tchaja? Usandinamize ine. Chibadwire sunasowepo tulo chifukwa cha foni ya munthu wina.

Koma chabwino, poti wafunsa. Magetsi alipo, a sola. Mapanelo ali padenga la nyumba yodyeramo, mabatire ali m'kachipinda kuseri. Mabatire ake ndi akale aja a asidi, ndiye safuna kuti moto utsike kupitirira theka, ukamawakama mpaka kutheratu sachedwa kufa. N'chifukwa chake timatchaja masana dzuwa likuswa mtengo, osati usiku. Kukachita mitambo, pampu ya madzi ndi filiji ndiye zimayambirira, mafoni pambuyo. Basi, yankho lako ndi lomwelo.

Tsopano tikambe zimene umafuna kufunsa. Ukufuna kudziwa ngati iweyo ungakwanitse kukhala kuno. Eya, ndanena pagulu, undikwiyire ukafuna. Amayi anandiuza kuti ulendo watha uja unangokhala duu pampando, osaseka ndi pang'ono pomwe, iwe amene agogo ankachita kukutulutsa panja chifukwa cha phokoso. Ndipo chichitikireni zija za chaka chatha zija, sunapumeko. Tonse tikuona.

Ndiye tamvera mmene tsiku limayendera. Timadzuka kusanatenthe. Pakhomo la khitchini pali bolodi, ntchito zonse zimalembedwa pamenepo ndi choko, aliyense amapeza dzina lake. Wina kudimba, wina kunkhuni, wina kuziweto, wina kukhitchini. Mavolontiya timagwira maola 4 mpaka 6 patsiku, malipiro ake ndi chakudya ndi pogona. Ndalama palibe, ndinenetu msanga, ndaona kale amalume aakulu akutsegula pakamwa. Ndipo si zoyamba ife zimenezi. Bungwe la WWOOF, lolumikiza mavolontiya ndi mafamu mwanjira yomweyi, linayamba mu 1971 ku England, analiyambitsa mayi wina dzina lake Sue Coppard, amene ankagwira ntchito ya usekilitale ku London. Ankangofuna kuti kumapeto kwa sabata azituluka m'tauni n'kukathandiza pa famu. Wamva, msuweni? Munthu wa muofesi. Tebulo, mapepala, bwana, zonse zako zomwezo.

M'mawa uno ndinali pa kompositi. Aaa, zimenezi ndiye ndikufuna udzaone ndi maso ako. Timayala zouma, udzu ndi masamba, kenako zaziwisi ndi ndowe, kenako zoumanso, kuwaza madzi mpaka ukafinya m'manja pangotuluka kadontho kamodzi. Pakapita masiku ochepa, ulowetse dzanja pakati pa mulu, suchedwa kulitulutsa. Pamatentha madigiri 55 mpaka 65, moto wopanda woukoleza, timangodziwa kuti tizilombo tosaoneka ndi maso tikudya. Kutentha kumeneko n'kumene kumapha njere zambiri za udzu. Ndikamatembenuza ndi foloko kusanache bwino, nthunzi imachita kufuka, ndipo fungo lake ndi la dothi la m'nkhalango. Mulu ukanunkha moipa ndiye kuti wachuluka madzi kapena wasowa mpweya, umafunika zouma.

Chimbudzi... ee, ndikudziwa chimenechi ndiye chikukuopsa, iwe amene unkakana ngakhale kudutsa pafupi ndi khola. N'chopanda madzi. Ukamaliza umathira utuchi kapena phulusa, n'kutseka. Mbali imodzi ikadzaza timaitseka kwa chaka kapena kupitirira, n'kumagwiritsa ntchito inayo, ndipo zotuluka m'menemo zimapita ku mitengo, osati ku ndiwo zamasamba. Uzolowera. Amene amabwera atagwira mphuno ndi omwewo amene pambuyo pake amakalipira anzawo oiwala utuchi.

Koma dikira, ndisanaiwale. Ndinkafuna ndinene za amalume aang'ono, malemu, bambo ako aang'ono aja.

Nditangofika kuno anandiphunzitsa zimene amazitcha permaculture. Akuti anaziyambitsa Bill Mollison ndi David Holmgren ku Australia m'zaka za m'ma 1970. Nkhani yake ndi yoti madzi asathamange pamunda, nthaka isakhale pamtunda yosaphimbira, chotsala cha chinthu china chikhale chakudya cha chinzake. Anatitengera kumtunda, kutipatsa A-felemu, timitengo titatu tija tokhala ndi chingwe ndi mwala, kuti tipeze mzere wolingana pokumba ngalande yosunga madzi. Ine nditangoigwira, mtima unagunda. Ndinati, iii, chinthu ichi ndinachigwirapo. Amalume anali nacho! Chawo chinali cha nsungwi... ayi, dikira, nsungwi chinali chachiwiri, choyamba chija chinali cha matabwa a bedi lothyoka lija agogo anakalipa nalo sabata yonse. Ukukumbuka iwe.

Munthu uja ankakumba ngalande zopingasa phiri anthu akumuseka. Mapesi sankatentha, ankawagoneka pamunda. Tsiku lina anazula chitsamba cha nyemba, kundionetsa timaphundu ta kumizu, kutiphwanya ndi chikhadabo. M'kati munali mofiirira. Anati, "Mphwanga, feteleza wanga ndi uyu." Kuno ndi kumene ndadzamva kuti m'timaphundu m'menemo mumakhala mabakiteriya amene amatenga nayitrojeni mumpweya n'kuipereka ku chomera, ndipo kufiirira kuja ndi chizindikiro choti akugwiradi ntchito. Iwo mawu amenewo analibe nawo ntchito, koma chinthucho ankachidziwa.

Nanga masamu a thanki aja? Ankandiimika pansi pa denga, n'kulemba pansi ndi kamtengo. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa denga la mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, ndi lita imodzi ya madzi. Ndiye denga la masikweya mita 50, mvula ya mamilimita 20, ndi malita 1,000 usiku umodzi wokha. Ankanenanso kuti madzi oyamba kutsika padenga asalowe muthanki, amenewo ndi otsuka fumbi ndi zitosi za mbalame. Kuno tili ndi kapaipi kapadera kopatutsira madzi oyambawo, iwo ankangochotsa paipi ndi manja, n'kuima pamvula mpaka aone kuti madzi ayera. Atanyowa chonchi, chipewa chili phwatata, koma nkhope ili mwee.

Mmm. Koma ukudziwa mmene zinathera.

Zonsezo zinali m'mutu mwawo mokha. Mpope wa thanki sankalola munthu kuukhudza. Mbewu zili m'zitini, zitini zosalembedwa kanthu, amene ankadziwa kuti ichi n'chiyani, chakololedwa liti, anali iwo okha. Ukati ndikuthandizeni, ankati, "Ayi, muononga, pitani mukasewere." Sikuti anali ouma mtima, ayi. Anasekedwa nthawi yaitali, ndiye analeka kufotokozera anthu. Ankangodzuka mbandakucha, khasu paphewa, kubwera dzuwa litalowa.

Ndiye chaka chija anagonekedwa kuchipatala dzinja lonse. Mapaipi a padenga anatsekeka ndi masamba, madzi ankangosefukira pakhoma, thanki ili gwaa. Ngalande ya kumtunda inadzaza matope chifukwa panalibe woikokolola, mvula ina yamphamvu itabwera inaphulika mbali imodzi, madzi onse anatsikira malo amodzi n'kung'amba chigwembe pakati pa munda. Zitini zija anankafumbwe analowamo. Ndipo pakhomo panali anthu, msuweni. Tinalipo ambirimbiri, manja tinali nawo. Amayi ankalira kuti akanangotionetsa kamodzi kokha. Atatuluka m'chipatala anapempha kuti awaperekeze kumunda, ali ndi ndodo. Anaima pa chigwembe paja nthawi yaitali. Sanakalipire munthu. Anangotembenuka n'kufunsa ngati pali kope ndi pensulo, anayamba kulemba madzulo omwewo, koma mphamvu zinali zitawathera kale. Kope lija lilipo, masamba ake olembedwa ndi ochepa chabe. Amene akulisunga akudzidziwa, ndipo ndikulifunabe.

Pepani, ndaima pang'ono. Ee.

Ndiye kuno, chimene chinandigwira mtima si sola kapena dimba. N'choti palibe ntchito imene amaidziwa munthu mmodzi yekha. Ukaphunzira kutsegula madzi, mawa lake umaphunzitsa wina. Botolo lililonse la mbewu lili ndi dzina ndi chaka. Pali kope la mabatire, kope la ziweto, kope la dimba. Wina akadwala, dzina lake limafufutidwa pabolodi, pamalembedwa lina, mbuzi zimadya nthawi yake yomweyo. Ndipo usamve zoti malo ano sitidalira aliyense. Mchere timagula, mankhwala timagula, mapanelo aja anapangidwa kufakitale, pampu ikafa timaitana mmisiri. Timangoyesetsa kuti zogula zichepe, zotaya zichepe.

Komatu zili ndi mtengo wake, ndisakubisire. Cholemetsa kuno si khasu. Matuza amapola, msana umazolowera. Cholemetsa ndi msonkhano. Timakhala mozungulira, nkhani siitha mpaka aliyense anene kuti angathe kukhala nacho chigamulocho, sitingowerenga manja ayi. Nkhani ya pomwe tiike khola la nkhuku ikhoza kudya madzulo onse. Pali wina amasiya wilibala pamvula, pali wina amalankhula osapuma, ndipo mawa lake mudya tebulo limodzi, mutsukira limodzi mbale. Kothawira kulibe. Ena amabwera akuganiza kuti adzakhala phee pansi pa mtengo osaonana ndi munthu, amenewo sakhalitsa.

Ndiye ndikuuze chilungamo, msuweni wanga. Iwe watengera amalume aang'ono. Ee, iweyo. Si nkhope yokha ayi. Chilichonse umasenza wekha, wina akati ndikulandire umati ndili bwino, kenako 1 koloko usiku uli maso. Ngati ukufuna malo obisalako anthu, kuno si kumeneko. Koma ngati watopa ndi kukhala munthu amene akagwa zonse zimagwa naye, bwera. Kuno udzaphunzira kusiyira mnzako ntchito ili pakati, n'kukagona, n'kudzuka kupeza yatha bwinobwino popanda iwe. Poyamba zidzakuwawa, ndikukudziwa, udzafuna kukaonanso ngati wamanga bwino chipata. Adzakubweza.

Ntchito usasiye kaye, ndamva kale mtima wa mayi ako ukudumpha. Azakhali... aa, ndikutanthauza apongozi a amayi... iii, mwandimva, mayi ake a mwanayu, khazikani mtima pansi, sindikumuba. Atenge tchuthi chake chija wakhala akuchiunjika, abwere masabata awiri kapena atatu. Masiku oyamba thupi lidzadandaula, ndiye akabwera kwa masiku atatu okha adzangotenga zowawazo n'kubwerera nazo.

Wandimva eti? Sindikukuitanira kudzapuma, pogona pako padzakhala pouma ndipo udzadzuka m'mamawa kuposa kwanuko. Ndikukuitanira kuti udzaone ntchito yolemera ikuyenda popanda munthu mmodzi kufera pamenepo. Mutu umodzi susenza denga, amalume anazindikira ataima ndi ndodo pa chigwembe, iwe sindikufuna ufike pamenepo.

Ukatsimikiza undiuze msanga, chifukwa mlendo aliyense amayenera kuvomerezedwa pamsonkhano, sungangotulukira ndi chikwama. Utenge nsapato zotseka, osati zija umayenda nazo ngati ukuponda mazira, chipewa, tochi, ndi zovala zoti zikada usadandaule. Sopo usatenge wa mafungo uja, madzi osambira kuno amapita ku mitengo, tili ndi wathu. Belu lalira, lero ndine wothandiza kukhitchini ndipo mnzanga wandikodola kale. Undiimbire Lamlungu masana, pawekha, osati pagulu pano.